Chidindo cha Alamu

1. Cheke cha mizere iwiri

Cheke cha thonje chinafika mu Seputembala, udzu wa ku Bundabunda utauma kale mpaka kumathetheka. Chinali ndi dzina la Nelesi Miti, ndipo pangodya pake panali mizere iwiri yopendekeka.

Nelesi anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sukulu anailekezera mu Giredi 9, kwawo ku Katete, chifukwa cha mimba. Bambo ake atamuthamangitsa, anakwera basi kudzakhala kwa mkulu wake Virginia, amene anakwatiwa ndi a Abson Daka. Mwana anabadwira komweko, dzina lake Boyd, ndipo tsopano anali atayamba kuimirira pogwira mipando.

A Abson anamudulira kamunda kuseri kwa chulu. Mmenemo Nelesi analima thonje, mwana ali kumsana. Anapalira yekha, anapopera mankhwala yekha, anatola yekha mpaka zala zinachita ming'alu. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: cheke chimenecho chikamulipirire sukulu ya madzulo ku Chongwe mu Januwale.

Koma a Abson anali ndi maganizo awo.

"Mulamu, cheke cha mizere iwiri sasinthira pa golosale," anatero tsiku lina akutsuka m'kamwa. "Chifuna akaunti. Iwe saina chabe kumbuyo, nikaike mu akaunti yanga. Ukafuna sopo uzinena."

Nelesi anaponya maso pa njinga imene inatsamira mtengo wa mango. Chaka chatha Virginia anasaina kumbuyo kwa cheke chake cha mpendadzuwa, ndipo cheke chija chinabwerera pakhomo chili ndi matayala awiri ndi belu.

"Nikali kuganiza, alamu."

"Ganiza msanga. M'nyumba imodzi simukhala mabanki awiri."

Nelesi anabisa chekecho m'kapulasitiki ka khadi la kusikelo. Ankadziwa kuti mwamuna angafufuze m'sutikesi, pansi pa mphasa, ngakhale m'denga, koma khadi la kusikelo saligwira.

2. Nyumba namba

Galimoto ya banki inkachokera ku Lusaka kawiri pamwezi, Lachinayi. Inkaima pamsewu waukulu pafupi ndi kiliniki, wapolisi wa mfuti ali pambali. Alimi ankafola pawindo la galimotoyo, zipewa zili m'manja ngati ali m'tchalitchi.

Kalaliki wake anali mnyamata wa m'tauni, a Greenwell, amene sankavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo.

"Nifuna kutsegula akaunti," anatero Nelesi itakwana nthawi yake.

"Chitupa."

Anapereka. A Greenwell anachitembenuza uku ndi uku.

"Mudzi ni wa ku Katete. Mfumu ni ya ku Katete. Manje ba sisi, mukhala ku Katete olo kuno?"

"Kuno, ku Bundabunda."

"Nyumba namba?"

Mzere wonse unafa nacho chikhakhali. Mkulu wina kumbuyo anakuwa kuti, "Lembani kuti nyumba ya pa chulu chachitatu, pali galu wodula mchira!"

A Greenwell sanaseke.

"Banki siisunga ndalama za munthu wosadziwika kumene agona. Ku tauni timafuna risiti ya madzi olo ya lendi. Kuno kulibe mapompi, ndiye tifuna kalata ya munthu wa chidindo, yonena kuti mukhala pakuti. Ba hedi ba sukulu, ba busa, olo ba cheyamani ba chipani. Mukaipeza mubwere. Wotsatira!"

Nelesi sanataye nthawi. Anapita kusukulu tsiku lomwelo, koma ahedi anati amalembera ana a sukulu yawo ndi aphunzitsi okha. Anafunsa za abusa, anamva kuti adzafika mu Novembala, chifukwa mipingo yawo inali yambiri ndipo njinga yamoto inali itafa.

Anatsala munthu mmodzi. Cheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lawo anali a Abson Daka.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi m'dziko lonse, ndipo chidindo cha nthambi chinali ngati kiyi. Wofuna malo pamsika, wofuna chitupa cha mwana, wofuna kusamukira kwina, onse ankayambira pakhomo pa cheyamani. Chidindocho chinkagona m'thiranki yachitsulo kuchipinda, kiyi wake ali pachingwe m'chiuno mwa eni ake.

Panali chinthu china chimene mudzi wonse unkachidziwa koma osachinena. A Abson sukulu sanapite nayo patali, ndipo Chingerezi cholemba chinkawazunguza. Choncho Lachitatu lililonse masana, anthu akabwera ndi zosowa zawo, Nelesi ndiye ankalemba makalata onse. Iwo ankangovala magalasi, n'kuyang'ana pepala kuchokera pamwamba mpaka pansi uku akugwedeza mutu, kenako n'kudinda ndi kusaina.

Pobwerera kunyumba tsiku limenelo, Nelesi ankangoganiza za mulu wa makalata wa Lachitatu.

3. Mawu a mayi Clotilda

Patapita masiku, a Abson anaika tsiku. Anati Lachisanu la sabata yotsatira apita ku Lusaka, ndipo cheke chikhale chosainidwa.

Lachiwiri la sabata imeneyo Nelesi anapita kumtsinje kukachapa matewera. Anapezako mayi Clotilda Shamboko akuthirira repu m'dimba lawo. Mayi amenewa anali mbadwa ya komweko, koma anakhala zaka zambiri ku Lusaka akusesa kukhoti. Pakamwa pawo panalibe chitseko, komabe chinsinsi cha munthu ankachisunga.

Nelesi anawafotokozera zonse. Pomaliza ananena moseka, ngati nthabwala chabe.

"Kalata yanga itangolowa pakati pa makalata a Lachitatu, ndani angadziwe? Si bodza ayi. Nikhaladi pakhomo pawo."

Mayi Clotilda anaika kheni pansi.

"Make Boyd, siya kufinya thewera ilo, uniyang'ane. Ine nasesa khoti zaka makumi awiri. Ninaona wakuba mbuzi akukana mpaka kutuluka, chifukwa mbuzi inadyedwa, mafupa galu anataya. Koma wa mlandu wa pepala sininamuonepo akutuluka. Pepala silidwala, silikalamba, silipita ku maliro. Limangokhala phee mu faelo kudikira mwini dzanja. Iwe uti mawu ali m'kalatayo ni oona. Inde ni oona. Koma chidindo chotengedwa mwakuba chimadetsa na mawu oona omwe."

Nelesi anaweramitsa mutu. Mayiwo sanalekeze.

"Chachiwiri ni ichi. A Abson ni munthu wa manja aatali pa zinthu za azimayi, sinikana. Za njinga ija tonse tinaona. Koma ni omwewo anakutsegulira chitseko uli na mimba, pamene atate ako okubala anakutsekera. Amakupatsa mapepala a chipani chifukwa akhulupirira maso ako. Ukawanamiza pamenepo, pa chilema chimene amabisa na magalasi aja, sunawabere chidindo chabe. Wawavula pagulu. Mwamuna angaiwale ndalama, mwanawe, koma manyazi amapita nawo kumanda. Ndipo akakutulutsa, asisi ako sadzakuimira, ali na ana awo atatu oti aganizire. Udzalowera kuti na khanda kumsana?"

"Manje nichite bwanji, amayi? Nikapempha akana."

"Wayesa?"

"Niwadziwa."

"Pempha masana, dzuwa likuona, asisi ako ali pomwepo. Ine mawa nipita ku Kasisi kukaona mlongo wanga wodwala, nibwera Loweruka. Unidikire. Nidzabwera nikhale pamphasa pomwepo, nione ngati angakane kuti ukhala pakhomo pawo ine nikumva. Akakana, ali nawo akuluakulu awo m'chipani, tidzapita kumeneko. Njira imeneyo ni yaitali, koma sumayenda ukucheuka."

"Loweruka ni kutali. Galimoto ibwera mkuja, ndipo Lachisanu afuna cheke."

"Cheke chilibe miyendo. Usasaine."

"Kukaniza munthu amene ukudya kwake, amayi?"

"Chovuta ni chimenecho, nidziwa. Koma kuthamanga si kufika."

Nelesi anasenza beseni lake n'kunyamuka. Matewera anali asanayere bwino.

4. Makalata asanu

Lachitatu m'mawa, Virginia atapita kuchigayo, Nelesi anang'amba pepala pakati pa buku la chipani. Analemba m'Chingerezi chake chabwino kwambiri kuti Nelesi Miti ndi munthu wodziwika, wokhala pakhomo pa a Abson Daka ku Bundabunda. Analipinda n'kuliika m'chitenje.

Masana tebulo linatulutsidwa pansi pa mango. Anthu anabwera anayi. Mmodzi anali a Peterson, ofuna kalata ya chitupa cha mwana wawo. Wina anali mayi Rosaria, ofuna malo ogulitsira tomato pamsika wa ku Chongwe, mayi amene nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, masana imakhala itafika kutsidya kwa mtsinje.

Nelesi analemba makalata anayi. Posanja, anasolola pepala lake lija n'kulilowetsa pakati.

A Abson anatsegula thiranki, anavala magalasi, anakhala pampando. Inki ya m'kabokosi inali itayamba kuuma, ndiye asanadinde ankayamba auzira chidindocho mpweya wa m'kamwa.

Kalata yoyamba, di! Yachiwiri, di!

Pa yachitatu anaima. Anakweza ngodya za mapepala otsala ndi chala chonyowetsa malovu. Kenako anayang'ana anthu okhala pamphasa mmodzimmodzi.

"Mulamu."

"Alamu?"

"Anthu ali anayi. Makalata ali asanu. Iyi ni ya ndani?"

Anthu onse anatembenukira kwa Nelesi. Ngakhale Boyd, amene ankaseweretsa chitini pafupi ndi mwendo wa tebulo, analeka kugogoda.

Chala cha a Abson chinali chitagona pamwamba penipeni pa dzina la Nelesi. Mpata wonena zoona unali umenewo, ndipo mawu ake anali ochepa: ni yanga, alamu, nifuna akaunti. Anthu analipo, dzuwa linalipo. Koma pakamwa pake panatuluka zina.

"Ni ya amayi Rosaria," anatero. "Kumsika manje afuna makalata awiri."

"Awiri?" A Abson anatembenukira kwa mayi Rosaria. "Ni zoona?"

"Kaya, a cheyamani. Ine za mapepala nizidziwira kuti? Ngati mwana wa sukulu wanena, ni momwemo."

A Abson anaseka mpaka magalasi anatsetsereka pamphuno.

"Dziko la mapepala ili! Mawa adzafuna kalata ya tomato aliyense payekha."

Anauzira chidindo. Di! Anasaina dzina lawo pang'onopang'ono, lilime lili panja, monga ankachitira nthawi zonse.

Atamaliza onse asanu anavula magalasi n'kuloza Nelesi.

"Mumuona mulamu wanga uyu? Anthu anamutaya, koma ine ninati abwere. Lero ni maso anga. Nthambi zina zilira kalembera, ine nili naye m'nyumba."

Anthu anavomereza. Nelesi ankangoyang'ana nyerere pansi.

Kenako a Abson anachita chimene iye sanachiganizire. Anatenga makalata awiri aja n'kuwapereka onse m'manja mwa mayi Rosaria.

Nelesi anadikira mpaka thiranki italowa m'nyumba. Anabereka mwana mothamanga, nsalu osamanga bwino, n'kuliyatsa liwiro m'kanjira ka kumunda. Anawapeza mayi Rosaria pafupi ndi chitsime.

"Amayi, kalata imodzi ija ibwerere. Ni yotsala mu faelo ya chipani."

"Si iwe wati kumsika afuna awiri?"

"Ninasokoneza. Imodzi ni ya mu faelo."

"Nanga a cheyamani anipatsiranji?"

"Aiwala."

Mayi Rosaria anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anatambasula makalata onse awiri.

"Sankha wekha, poti ni iwe uona. Koma wapuma ngati wathamangitsidwa na njati, make Boyd. Faelo imeneyo ili na njala?"

Nelesi anatenga kalata yake. Pobwerera anamva maso a mayiwo akumuboola kumsana mpaka anakhota pachulu.

5. Envulopu ya khaki

Lachinayi analawira, khadi la kusikelo lili m'manja.

"Upita kuti?" anafunsa Virginia akusesa pabwalo.

"Kusikelo, asisi."

"Sikelo si unapita sabata yatha?"

"Mwana ali na chifuwa."

Virginia anayang'ana Boyd, amene ankaseka ndi kumenya mayi ake kumsana ndi tizibakera. Anapitiriza kusesa.

Pagalimoto ya banki mzere unali wautali. A Peterson analiponso, anthu atatu kumbuyo kwake. Nelesi anawapatsa moni mwachidule n'kutembenukira kutsogolo.

A Greenwell anawerenga kalata yonse. Anaikweza kudzuwa kuti aone chidindo.

"Ehe. Izi ndiye zinthu. Sainani apa, na apa."

Nelesi anasaina. Anatulutsa cheke m'kapulasitiki kaja n'kuchipereka. A Greenwell anachidinda kutsogolo ndi kumbuyo, anamulembera karisiti, kenako chekecho anachiponya pakabowo ka bokosi lachitsulo. Nelesi anapuma mpweya umene anausunga masabata awiri.

"Buku langa la akaunti?" anafunsa Nelesi.

"Buku lipangidwa ku Lusaka. Libwera ulendo wamawa." A Greenwell ankalemba pa envulopu ya khaki osakweza mutu. "Koma sitipatsa imwe. Timapereka m'manja mwa amene anadinda kalata."

"Mwati bwanji?"

"Ni mmene timadziwira kuti kalata si yabodza, ba sisi. Ba cheyamani abwere okha na chitupa chawo, asaine kuti akudziwani, ndiye atenge buku akupatseni. Akapanda kubwera, olo akakana kalata, nkhani ipita ku polisi. Anthu avuta na vidindo masiku ano."

Nelesi anatambasula dzanja pawindo.

"Nibwezereni cheke. Nasintha maganizo."

"Bokosi iyi itsegulidwa ku Lusaka. Ine nilibe kiyi." Anaika kalata yoitana a cheyamani mu envulopu ija n'kuimata ndi lilime. "Muopa chani? Si ba mulamu banu?"

"Ndiye nipatseni envulopuyo, nikawapatse nekha."

"Awe, mwini akaunti sanyamula. Lamulo." A Greenwell anasuzumira pawindo n'kukweza mawu. "Alipo wa kufupi na ba cheyamani Daka?"

"Ine pano!" anayankha a Peterson. "Nidutsa pakhomo pawo pomwe."

Envulopu inadutsa pamwamba pa mutu wa Nelesi n'kulowa m'thumba la jekete la a Peterson.

Nelesi anaima pambali kuwadikira kuti ayendere limodzi, mwina m'njira angawapemphe. Koma atangomaliza zawo, thirakitala ya pafamu ina inaima, woyendetsa n'kuwakodola. Anakwera m'ngolo, anamubayibitsa, ndipo fumbi linawameza.

Kuchokera pamsewu waukulu kukafika kwawo unali mtunda wa maola awiri kwa munthu wobereka mwana. Nelesi anauyenda osapuma. Boyd analira njala, iye anangomusunthira kutsogolo n'kumamuyamwitsa akuyenda. Patapata mmodzi anaduka, ananyamula patapatayo m'manja.

Atatulukira pachulu anaona anthu pansi pa mango. Virginia anakhala pamphasa akusenda nyemba. Pambali pake panali mayi Rosaria, amene sankabwera pakhomopo popanda nkhani. A Abson anali pampando wawo, magalasi ali pamaso, envulopu ya khaki itang'ambidwa kale. Pepala la m'kati mwake anali atalitambasula pabondo.

Nelesi anafuna kulambalala kuseri kwa khitchini, koma anali atamuona.

"Wafika nthawi yabwino, mulamu," anatero a Abson. Mawu awo anali ofatsa kuposa masiku onse. "A banki anilembera kalata. Magalasi awa lero sagwira bwino."

Anamutambasulira pepalalo.

"Khala apa. Uniwerengere mokweza, asisi ako na amayi Rosaria amveko."